Funsani a Malume: Zochita zandichulukira, ndiyambire pati?

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera m'boma la Zomba. Eni ake ndi a misinkhu yosiyana ndipo sadziwana, koma onse akudandaula za masiku amene akuthamanga pamene zofunika kuchita zidakali mbwee. Monga mwa nthawi zonse, mayina tabisa ndipo makalatawo tawafupikitsa.

Okondedwa a Malume,

Ndine mayi wa zaka 47, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale mumzinda wa Zomba, ndipo ndimakhala ku Matawale ndi amuna anga komanso ana athu atatu. Mwezi wathawu tinaika m'manda mphunzitsi mnzanga wa zaka 51 amene anangogwa akukonzekera kupita kuntchito, ndipo chiyambire tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndimakhala kusukulu, madzulo ndimachonga makope ndi kulondola ngongole za zitenje zimene ndimagulitsa. Loweruka ngati kulibe maliro ndiye kuti kuli chinkhoswe kapena msonkhano wokonzekera ukwati, ndipo pakadali pano ndili m'makomiti atatu otere. Ndine mlembi wa Mvano pa mpingo wathu komanso msungichuma wa banki mkhonde. Mayi anga a zaka 78 ali kumudzi kupitirira Jali, miyendo ikuwavuta, koma chaka chathachi ndinawaona kawiri kokha. Mwana wanga woyamba alemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, koma sindikukumbuka tsiku limene ndinakhala naye pansi n'kucheza. Kwa zaka zambiri ndakhalanso ndikulakalaka kukawonjezera maphunziro ku Domasi. Zonsezi ndi zabwino, palibe chimene ndinganene kuti n'chachabe. Kodi ndiyambire pati, ndipo ndisiye chiti popanda anthu kundinena kuti ndayamba kunyada?

*Mayi wothedwa nzeru, Matawale*

Achemwali,

Pepani chifukwa cha imfa ya mnzanuyo. Mantha amene yakusiyiraniwo musawathamangitse msanga, chifukwa akukuuzani zoona zimene ambiri a ife timazikumbukira kumanda kokha adzukulu akamakwirira, n'kuziiwala tisanafike n'komwe pasiwa.

Tiyeni tiyambe ndi kuwerengera, popeza ndinu mphunzitsi ndipo masamu sakuopsani. Mwana wobadwa m'Malawi masiku ano amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zopitirira pang'ono 60, kusiyana ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene Edzi inatsitsa chiwerengerochi kufika m'ma 40, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Chiwerengerochi chimatsitsidwa kwambiri ndi imfa za makanda, choncho munthu amene wafika kale zaka 47 ali ndi mwayi wabwino wofika m'ma 70. Komabe masamu amene akukukhudzani kwambiri ndi ena. Ogwira ntchito m'boma amapuma ali ndi zaka 60, kutanthauza kuti mwatsala ndi zaka 13, zomwe ndi masiku a Loweruka pafupifupi 676. Mayi anu Mulungu akawasunga mpaka zaka 85, inu n'kupitiriza kuwaona kawiri pa chaka, ndiye kuti mwatsala ndi maulendo 14 okha. Komiti imodzi ya ukwati ikamakumana sabata iliyonse kwa miyezi itatu kapena inayi imadya masiku ochuluka chimodzimodzi, ndipo inu muli m'makomiti atatu.

Mwanena kuti zonse zimene mukuchita ndi zabwino, ndipo ndikugwirizana nanu. N'chifukwa chake funso lakuti chabwino n'chiti silingakuthandizeni, popeza yankho lake lidzakhala lakuti zonse. Funso limene limalekanitsa zinthu ndi lakuti kodi ichi chili ndi nyengo yake imene ikapita sibweranso, ndipo kodi chikufunika inuyo basi kapena wina aliyense angachichite. Mlimi wa ku Jali kwanuko amadziwa kuti feteleza wobereketsa amathiridwa chimanga chikatha masabata atatu kapena anayi chimerere. Akachedwa mpaka chitamasula ngaiyaye, thumba lake ndi lomwelo, mtengo wake ndi womwewo, thukuta lake ndi lomwelo, koma phindu lake lapita. Kukonza nkhokwe n'kofunikanso, koma kungadikire mpaka mwezi wa Epulo popanda kuwononga kanthu. Mayi anu ndi mwana wanu wa Fomu 4 ali m'gulu la feteleza, pamene zambiri zimene zikukudyerani Loweruka zili m'gulu la nkhokwe.

Ukwati wa mwana wa mnzanu udzachitika ndithu ngakhale inu mutapanda kukhala m'komiti, ndipo kunena zoona, wolowa m'malo mwanu amapezeka tsiku lomwelo mwakana. Koma palibe amene angakhale mwana wamkazi wa mayi anu m'malo mwanu. Choncho sankhani Loweruka limodzi pa mwezi, mwachitsanzo loyamba, likhale la mayi, ndipo muuziretu amuna anu, a kumpingo ndi a ku banki mkhonde kuti tsiku limenelo simupezeka. Chinthu chimene chalengezedweratu anthu amachilemekeza kusiyana ndi kukana kwa mwadzidzidzi. Mukapita musangotula shuga ndi sopo n'kuthamangira galimoto yobwerera. Gonani komweko, muwaperekeze kuchipatala akaonedwe miyendoyo, ndipo muwafunse za malire a munda, za mayina a makolo ndi za kumene mtundu wanu unachokera, chifukwa zimenezi sizinalembedwe paliponse ndipo milandu yambiri ya malo imayamba wodziwa malire akangotsikira kuli chete. Pa tchuthi cha sukulu muwatenge adzakhale ku Matawale ngati iwo avomera. Ngati muli ndi abale, gawanani miyezi, chifukwa udindo umenewu si wanu nokha.

Mwana wanu sakufuna kuti mumuphunzitse sayansi ya Fomu 4. Akufuna munthu womufunsa kuti phunziro limene likumuvuta ndi liti, wodya naye mgonero popanda foni m'manja, ndi womumasula ku ntchito zina zapakhomo mayeso a MANEB akayandikira. Akangolemba mayesowo amakhala wapaulendo, kaya wa kukoleji kaya wokafuna ntchito, ndipo sadzakhalanso m'nyumba mwanu monga mmene alili lero. Theka la ola madzulo alionse n'lokwanira, bola likhale lake.

Pali chinthu china chimene simunachitchule m'kalata yanu koma ine ndikuchiika pamwamba, ndicho thupi lanu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matendawa sapweteka mpaka tsiku limene agwetsa munthu. Kuyezetsa BP ndi shuga kumatenga m'mawa umodzi, ndipo pa ulendo womwewo mupemphe kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'dziko muno kuposa khansa ina iliyonse chonsecho ikapezeka msanga imachizika. Zimenezi zichitike mwezi uno.

Tsopano za maliro, pamene ndikudziwa kuti ndi pomwe pagona mantha anu onenedwa. Sindingakuuzeni kuti musiye kupita kumaliro, chifukwa maliro n'kulirana, ndipo munthu amene sapezeka pa zovuta za anzake amadzaona yekha tsiku lake likafika. Koma mwambo womwewo umasiyanitsa maliro. A wachibale, a mnansi woyandikana naye nyumba, a mnzanu wa kuntchito kapena wa m'dera lanu la mpingo, amenewo mumasiya zonse n'kupita, ngakhale litakhala Loweruka la mayi lija, ndipo mayi anu ndi amene angayambe kukudzudzulani mutapanda kutero. Koma akamwalira mlamu wa mnzanu kutali ku Machinga, kutumiza chipepeso pa Mpamba kapena Airtel Money, n'kudzapita kukapepesa mnzanuyo kunyumba kwake akabwerako, si kunyada ayi. Makolo athu nawonso ankatumiza chipepeso n'kudzapita pambuyo pake, ndipo kawirikawiri wofedwa amakumbukira kwambiri munthu amene anabwera patatha sabata, khamu litabalalika, kusiyana ndi amene anakhala m'chigulu tsiku loika.

Makomiti a ukwati ndi nkhani ina, chifukwa ukwati si ngozi. Atatu amene munavomera kalewo, pitirizani ndi amene akukhudza wachibale weniweni, ndipo kwa enawo pitani nokha mukapepese kuti misonkhano simukwanitsa koma chopereka chanu nachi ndipo pa tsikulo mudzabwera. Akabwera ena atsopano, mawu ake ndi achidule: mwathokoza pokuganizirani, koma chaka chino mwana ali ndi mayeso ndipo mayi sakupeza bwino. Musawonjezere zifukwa zina, chifukwa chifukwa chilichonse chowonjezera chimapatsa wopemphayo poyambira kukunyengererani. Adzakunenani, inde, mwina kwa mwezi umodzi, kenaka adzapeza nkhani ina. Dziwaninso kuti anthu amakusankhani m'makomiti onsewa osati chifukwa palibe ena odziwa kulemba, koma chifukwa zinadziwika kuti simukana.

Ku banki mkhonde dikirani mpaka tsiku logawana ndalama kumapeto kwa chaka, mupereke mabuku ali bwinobwino, ndipo mukhale membala wamba. Ku Mvano malizani nyengo imene munasankhidwira uku mukuphunzitsa mayi wina wachitsikana kulemba mfundo za msonkhano. Kutumikira Mulungu sikuthera pa udindo, ndipo kulemekeza atate ndi amayi ndi lamulo lomwe a Mvano amaliphunzitsa okha. Za zitenje, tengani kope muwerengere phindu lenileni la miyezi itatu yapitayi mutachotsa ngongole zosabwezedwa. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa pa ngongole amalandira ndalama imene singagulenso katundu yemwe anatulutsa. Ngati zitenjezo zikulipiradi fizi, pitirizani koma mukhazikitse tsiku limodzi lotolera ndalama pakutha pa mwezi. Ngati sizikutero, mukugulitsa madzulo anu pa mtengo wolira.

Maphunziro a ku Domasi angadikire chaka chimodzi koma sangadikire zaka khumi. Mukayamba muli ndi zaka 48 mudzamaliza muli ndi 51 kapena 52, n'kutsala ndi zaka pafupifupi 8 zogwiritsa ntchito pepalalo. Musanalipire kalikonse pitani kukoleji komweko mukafunse za maphunziro amene amachitika pa tchuthi, ndipo mufunsenso aphunzitsi amene anawonjezerapo kale kuti zinawatengera nthawi yotani kuti asinthidwe giredi, chifukwa kukwezedwa sikubwera tsiku lomwe mwalandira dipuloma. Mwana akangomaliza mayeso khalani pansi ndi amuna anu mugamule. Mukasankha kupita, lembani kalata yofunsira malo chaka chomwecho. Mukasankha kusiya, siyani ndi mtima umodzi, musamangoyenda ndi loto limene likukupatsani chisoni chaka ndi chaka. Ndipo popeza amuna anuwo mwangowatchula kamodzi m'kalata yonse, muwaonetse yankho lino, chifukwa ana awiri aang'onowo akufunika wowayang'anira pa Loweruka limene inu muli ku Jali.

Zikomo a Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 25 ndipo ndinamaliza digiri yanga ku yunivesite konkuno ku Zomba zaka ziwiri zapitazo, koma ntchito sindinaipezebe. Ndimakhalabe ku Chikanda m'chipinda chomwe ndinkachita lendi ndili pasukulu. Ndayesapo kuweta nkhuku, kugulitsa mafoni akale, kuyendetsa kabaza wa njinga yamoto ya msuweni wanga komanso kubetcha pa mpira, koma palibe chimene chapita patali. Anzanga ena ali pantchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena anakwatira, ndipo ndikaona zithunzi zawo pa Facebook ndimaona ngati moyo wandisiya. Tsiku limatha osadziwa chimene ndachita. Mnzanga wina akundiitana ku Joni. Kodi ndipite, kapena ndidikirebe ntchito?

*Wotsalira, Chikanda*

Mphwanga,

Pa zaka 25 simunatsalire, koma mukhoza kutsaliradi ngati zaka ziwiri zikubwerazi zidzafanane ndi ziwiri zapitazi. Kusowa ntchito si mlandu wanu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18, kutanthauza kuti chaka chilichonse khamu lalikulu limalowa m'gulu la ofuna ntchito. Ndipo kafukufuku wa za ntchito amene ofesi ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili mumzinda wanu womwewo, inachita mu 2013 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 ogwira ntchito sali pa ntchito zolembedwa mwadongosolo. Choncho kudikira kalata yokuitanani kuofesi sikungakhale ntchito ya tsiku lonse.

Vuto limene lili m'manja mwanu ndi lakuti mwayamba zinthu zinayi m'zaka ziwiri, ndipo akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nkhuku zanyama zimakula m'masabata pafupifupi 6, ndipo munthu sangadziwe ngati ulimi umenewu ukumupindulira asanawete maulendo angapo, akulemba mtengo wa anapiye, chakudya, katemera ndi makala, ndiponso asanapeze malo odyera kapena mashopu omugula nthawi zonse. Amene waweta kamodzi, anapiye ena n'kufa, iye n'kuthawira ku mafoni, walipira mtengo wa phunziro koma phunzirolo walisiya pomwepo. Sankhani chimodzi mwa zitatu zoyambazo, chimene chinaonetsako kaphindu ndipo muli nacho poyambira, muchigwire miyezi 12 osayang'ana kumbali. Kubetcha sindikukuwerengera n'komwe, chifukwa kampani imaika mitengo yake mwa masamu oti pamapeto iyo ndiyo ipindule, ndipo kupatula ndalama kumadyanso maola amene mumathera kutsatira zigoli za matimu a ku Ulaya.

Mwati tsiku limatha osadziwa chimene mwachita. Mngelezi wina wolemba mbiri, C. Northcote Parkinson, analemba mu 1955 kuti ntchito imafufuma mpaka kudzaza nthawi yonse imene yapatsidwa, ndipo palibe amene amadziwa zimenezi kuposa munthu wosowa ntchito, amene kalata imodzi yofunsira ntchito imamutengera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sabata ili ndi maola 168. Mukachotsapo 56 ogona mumatsala ndi 112, ochuluka kuposa amene mayi a ku Matawale aja angawalote. Foni yanu ili ndi malo amene amaonetsa maola amene mwathera pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok. Tsegulani muone, mudzadziwa kumene tsiku likupita. Patulani m'mawa wa Lolemba ndi Lachinayi kukhala wofunafuna ntchito, ndipo masiku enawo muzidzuka pa ola limodzimodzi ngati munthu wolembedwa. Musanyozenso kuphunzitsa pa sukulu ya sekondale yoyendera kapena kugwira ntchito mongodzipereka m'bungwe, chifukwa olemba ntchito amafunsa kuti munali kuti zaka zonsezi, ndipo amafuna munthu wina wokuchitirani umboni. Ngati mungapeze mpata wophunzira luso lamanja, monga zamagetsi kapena kuwotcherera, ku koleji ya zaluso ya Nasawa kapena kwa mmisiri wodziwa, digiri yanu siichepa nazo.

Za ku Joni, anthu ambiri amangadi nyumba ndi ndalama za kumeneko, ndipo sindingakunamizeni kuti onse amabwerako manja ali m'khosi. Koma chilolezo chongocheza sichilola munthu kugwira ntchito, ndipo amene masiku ake atha amakhala mozemba apolisi, amalipidwa mmene bwana wafunira, ndipo akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala, kudikira kubwezedwa kwawo. Mu 2008 ndi mu 2015 Amalawi ambiri anabwera pa mabasi atasiya katundu yense chifukwa cha zipolowe zothamangitsa alendo. Funsani mnzanuyo kuti ntchito yake ndi yotani, malipiro ndi angati mukachotsa lendi ndi chakudya, ndipo mapepala ake ali bwanji. Ngati mayankho ali omveka ndipo mwasankha kupita, dziikireni cholinga cha ndalama ndi chaka chobwerera musananyamuke. Ngati akungoti bwera udzaonera konkuno, khalani ku Zomba muwete nkhuku.

Okondedwa a Malume,

Ndine bambo wa zaka 72. Ndinayamba ntchito ya ukalaliki m'boma mu 1974 likulu lidakali ku Zomba, kenaka tinasamukira ku Lilongwe, ndipo nditapuma ndinabwerera kwathu ku Thondwe. Ndalama zanga zopumira ndinayambira nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi, koma mpaka lero ili pa lenta ndipo tikukhalabe m'kanyumba kakale. Achipatala andipeza ndi matenda a shuga. Mng'ono wanga sitilankhulana kwa zaka 11 chifukwa cha dimba limene anasiya malemu mayi athu. Ana anga akundikakamiza kulemba wilo, koma ine ndimaona ngati n'kudziitanira imfa, ndipo ndimafuna ndiyambe ndamaliza nyumbayo kuti ndikhale ndi choti ndilembe. Kodi ndikulakwitsa?

*Wopuma pantchito, Thondwe*

Bambo,

Ndi ulemu wonse, mwaika zinthu chadodolido. Pa zinthu zitatu mwatchulazi, nyumba ndi yokhayo imene ana anu angadzamalize inu kulibe, pamene wilo ndi mng'ono wanu zikufuna inuyo muli moyo ndipo mutu ukugwira.

Nyumbayo munaiyamba pa mitengo ya simenti ndi malata imene lero ndi nthano, ndipo penshoni singathamange mofanana ndi mitengoyo. Itanani mmisiri aone ngati n'kotheka kufolera ndi kumaliza mbali imodzi yokha, chipinda chogona, pabalaza ndi chimbudzi chapafupi, kuti inu ndi mayi akunyumba mulowemo mudakali ndi mphamvu. Zipinda zinazo zidikire. Musalole kuti ndalama ya chakudya choyenera ndi ya ulendo wa kuchipatala ipite ku njerwa, chifukwa shuga amafuna kumwa mankhwala mosadumphitsa ndi kuyezetsa maso, impso ndi mapazi, ndipo munthu amene akutsatira zimenezi amakhala nawo matendawa zaka zambiri.

Wilo saitana imfa, monga momwe kusalemba sikuithamangitsa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna zinthu zochepa: wiloyo ikhale yolembedwa, musainire pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, ndipo mbonizo zisainirenso inu mukuona. Mboni zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu m'wiloyo. Mukhoza kulemba m'Chichewa, mukhoza kuisintha nthawi ina iliyonse, ndipo mukhoza kukaisungitsa kukhoti, ku ofesi ya DC kapena kwa loya, bola munthu mmodzi wokhulupirika adziwe kumene ili. Nyumba ya pa lenta ndi chuma kale, ndipo imalembedwa mmene ililimo. Lamulo lomwelo limateteza mkazi ndi ana a womwalira wopanda wilo ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma kutetezedwa ndi lamulo sikuletsa mayi wokalamba kuyenda maulendo ambirimbiri kumaofesi pamene pepala limodzi likanamupumitsa.

Pali mfundo imodzi imene anthu a kwathu kuno amaiphonya. M'madera ambiri a Zomba malo amatsata mbumba, kuchokera kwa mayi kupita kwa ana aakazi. Ngati nyumba yanu ili pa malo a mtundu wa mayi anu, alongo anu ndi ana awo akhoza kudzanena kuti nyumba ndi ya ana anu koma nthaka ndi yawo, ndipo wilo payokha singathetse mkangano umenewo. Khalani pansi ndi mbumba pamodzi ndi a mfumu, mugwirizane poyera za malo amene pali nyumbayo, zilembedwe ndipo onse asainire. Mufunsenso ku ofesi ya za malo ya boma lanu ngati kulembetsa malo a makolo, kumene lamulo la 2016 linakhazikitsa, kunayamba m'dera lanu.

Zimenezi zikutifikitsa kwa mng'ono wanu, chifukwa msonkhano wa mbumba umenewo sungachitike iye kulibe. Zaka 11 za dimba, mukawerengera ndiwo zamasamba ndi chimanga chachiwisi chimene latulutsa, sindikukhulupirira kuti zingafanane ndi maukwati, matenda ndi maliro amene mwadutsamo aliyense payekha. Mwinanso mwa mwambo dimbalo si la inu kapena iye, koma la alongo anu. Inu ndinu wamkulu, ndipo wamkulu akayamba kupereka moni sachepa. Musadikire kuti mudzakumane pa maliro a wachibale, chifukwa pamenepo aliyense amakhala ndi anthu omuyang'ana ndipo safuna kuoneka wogonja. Tumani munthu amene nonse mumamulemekeza, kaya mlongo wanu wamkulu, kaya mkulu wa mpingo, akamuuze kuti mukufuna kudzamuona kunyumba kwake. Ulendo woyambawo musatchule za dimba. Mumuuze za matenda anu, popeza shuga amayenda m'magazi a pachibale ndipo iyenso akufunika kukayezetsa. Nkhani ya dimba idzakambidwe ulendo wina, alongo anu ndi a mfumu alipo, ndipo ngati n'kotheka ichitike madimba asanayambe kulimidwanso.